Akati "katswiri wamkulu wanena", muzifunsa chiyani?

Uthenga wake umafika pa WhatsApp usiku, kukamacha n'kuti wazungulira kale m'magulu a kumpingo, a banki m'khonde ndi a makolo a kusukulu. Umayamba ndi dzina la munthu wakunja, kenako maudindo ake: pulofesa, dokotala, analemba malipoti a kafukufuku mazanamazana, asayansi anzake amutchula kambirimbiri. Kumapeto ndiye kumabwera chenjezo loti musabayitse ana katemera, kapena musiye mankhwala amene achipatala anakupatsani.

Ngati ndinu kholo, muyenera kusankha kupita ndi mwana kusikelo kapena kukhala pakhomo. Ngati ndinu volontiya wa zaumoyo m'mudzi, anthu amafunsa inuyo, ndipo kungowayankha kuti "ndi bodza limenelo" sikukwanira, chifukwa nthawi zina maudindo ndi manambala aja amakhala oona. Munthuyo amakhaladi pulofesa, malipotiwo analembadi. N'chifukwa chake ndi bwino kudziwa kumene manambalawa amachokera, chimene amayeza, komanso chimene sangathe kuyeza.

Lipoti la kafukufuku limatuluka bwanji?

Wasayansi akamaliza kafukufuku, amalemba lipoti lofotokoza funso limene anali nalo, anthu amene anawayeza, njira imene anatsata ndi zimene anapeza. Lipotilo amalitumiza ku magazini ya akatswiri, monga The Lancet ya ku Britain, New England Journal of Medicine ya ku America, kapena Malawi Medical Journal ya kwathu kuno. Mkonzi wa magaziniyo amalipereka kwa akatswiri ena awiri kapena atatu odziwa nkhaniyo kuti aliunike. Iwowa angalivomereze, angalibweze kuti likonzedwe, kapena angalikane. Paja mutu umodzi susenza denga.

Komabe dziwani kuti ounikawa sapita kuchipatala kukaona odwala amene atchulidwa m'lipotimo. Amawerenga zimene wolembayo wawapatsa. Ngati iye wanama mochenjera, bodzalo likhoza kudutsa. Choncho kusindikizidwa kwa lipoti ndi chiyambi chabe cha kuyesedwa kwake. Mayeso enieni amabwera pamene magulu ena, m'mayiko ena, abwereza kafukufukuyo kuti aone ngati apeze zofanana.

Kutchulidwa n'kutani?

Kumapeto kwa lipoti lililonse kumakhala mndandanda wa malipoti ena amene wolembayo anawagwiritsa ntchito. Lipoti la munthu likapezeka pamndandanda wa mnzake, amati latchulidwa kamodzi. Amene anayambitsa zowerengera kutchulidwaku mwadongosolo ndi Eugene Garfield wa ku America. Iye anapereka ganizoli mu 1955, ndipo mu 1964 bungwe lake la ku Philadelphia linatulutsa kaundula wotchedwa Science Citation Index. Masiku ano ntchitoyi imachitika pakompyuta kudzera pa Web of Science, Scopus ndi Google Scholar. Malowa sawerenga mofanana, moti munthu mmodzi amakhala ndi manambala osiyana, ndipo kawirikawiri Google Scholar ndi imene imapereka nambala yaikulu chifukwa imatolera zolemba za mitundu yambiri.

Pali manambala atatu amene mudzawamve kawirikawiri. Yoyamba ndi chiwerengero cha malipoti amene munthu walemba. Yachiwiri ndi chiwerengero cha kutchulidwa kwa malipotiwo. Yachitatu ndi h-index, imene anaiyambitsa Jorge Hirsch wa ku University of California ku San Diego mu 2005 pofuna kuphatikiza ziwiri zoyambazo. Kuwerenga kwake n'kosavuta. Munthu amene h-index yake ndi 10 ali ndi malipoti 10 amene lililonse latchulidwa kosachepera ka 10. Amene h-index yake ndi 40 ali ndi malipoti 40 otchulidwa kosachepera ka 40 lililonse.

Taonani msampha wake. Munthu amene analemba malipoti atatu okha, koma lililonse linasintha kachiritsidwe ka matenda n'kutchulidwa ka 1,000, h-index yake ndi 3 basi. Mnzake amene analemba timalipoti 20 tapakatikati, kalikonse kotchulidwa ka 20, ali ndi 20. Kuwonjezera apo nambalayi imakwera ndi zaka, ndipo siitsika munthu akasiya kafukufuku. Nkhalamba imene inasiya ntchito kalekale ikhoza kuposa wachinyamata amene akudziwa bwino zimene zikuchitika lero.

Magazini nawonso ali ndi nambala yawo yotchedwa impact factor. Amaipeza powerenga kuti malipoti amene magaziniyo inasindikiza m'zaka ziwiri zapitazo atchulidwa kangati chaka chino, n'kugawa ndi chiwerengero cha malipotiwo. Nambalayi imanena za magazini yonse, osati za lipoti limodzi. Mu 2012 akonzi ndi asayansi amene anakumana ku San Francisco anagwirizana mfundo zodziwika kuti DORA, zolangiza mayunivesite ndi mabungwe opereka ndalama kuti asamayeze munthu potengera nambala ya magazini imene analembamo.

Manambalawa ali ndi ntchito yake. Mayunivesite amawayang'ana pokweza anthu pantchito, ndipo amakuthandizani kusiyanitsa munthu amene anachitapodi kafukufuku ndi wongodzitcha katswiri. Koma chimene amawerenga ndi chimodzi: kuti asayansi ena alankhula kangati za ntchito ya munthuyo. Sanena ngati ankamuyamikira kapena kumutsutsa.

Ana 12 a ku London

Mu February 1998, The Lancet inasindikiza lipoti la dokotala Andrew Wakefield ndi anzake a pachipatala cha Royal Free ku London. Linkanena za ana 12 amene anali ndi vuto la m'mimba komanso la kakulidwe ka ubongo, ambiri a iwo ali ndi autism, vuto limene limachititsa mwana kuvutika kulankhula ndi kucheza ndi anzake. Lipotilo linakayikitsa katemera wa MMR, woteteza ku chikuku, matsagwidi ndi rubella. Pamsonkhano wa atolankhani Wakefield anapitirira pamenepo n'kunena kuti katemera wophatikizayu ayambe waimitsidwa.

Makolo anachita mantha. Ku England, ana obayidwa katemerayu anatsika kuchoka pa 92 mwa 100 alionse kufika pafupifupi 80 pofika mu 2003 ndi 2004. Mu 2008 akuluakulu a zaumoyo analengeza kuti chikuku chakhazikikanso ku England ndi ku Wales.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mtolankhani Brian Deer anapeza kuti Wakefield ankalandira ndalama kudzera kwa maloya amene ankakonzekera kusumira makampani opanga katemera, ndipo owerenga lipotilo sanauzidwe zimenezi. Mu 2004, anthu 10 mwa olemba 13 a lipotilo anakana tanthauzo limene linaperekedwa pa zotsatira zake. Mu February 2010 The Lancet inalichotsa lonse, ndipo mu May chaka chomwecho bungwe loyang'anira madokotala ku Britain linamuchotsa Wakefield m'kaundula. Mu 2011 magazini ya BMJ inalemba kuti zimene zinalembedwa zokhudza anawo sizinkagwirizana ndi mabuku awo a kuchipatala, ndipo inati chinali chinyengo.

Nanga manambala akuti chiyani? Lipoti limeneli latchulidwa koposa ka 1,000, kuposa malipoti ambiri abwino. Mu 2019 ofufuza ena anawerenga zolemba 1,153 zimene zinalitchula, n'kupeza kuti pafupifupi 7 mwa 10 zilizonse zinkalitsutsa. Kwa kompyuta yowerengera, wotsutsa ndi woyamikira ndi amodzi. Zili ngati munthu amene dzina lake lili pakamwa pa aliyense m'mudzi: mwina anakumba chitsime, mwina anaba mbuzi ya mfumu.

Funso la katemera ndi autism linayankhidwa ndi kafukufuku wamkulu. Ku Denmark anatsatira ana oposa 537,000 n'kutulutsa zotsatira mu 2002, kenako ana ena oposa 657,000 n'kutulutsa zotsatira mu 2019. Maulendo onse awiri, ana obayidwa katemera sanapezeke ndi autism kuposa osabayidwa.

Ife chikuku timachidziwa. Mu 2010 anthu oposa 134,000 anadwala chikuku m'Malawi muno ndipo 304 anamwalira. Mliri umenewo unali ndi zifukwa zake zosakhudzana ndi nkhani ya ku London, koma ukutikumbutsa zimene nthendayi imachita ikapeza ana ambiri osatetezedwa.

Dzina lalikulu likasochera

Wina anganene kuti Wakefield anali wachinyengo, nanga katswiri weniweni? Peter Duesberg wa ku University of California ku Berkeley anali katswiri weniweni. Cha m'ma 1970 anali m'gulu la oyamba kupeza mmene tizilombo tina ta mavairasi timayambitsira khansa, ndipo mu 1986 anasankhidwa kulowa m'bungwe lolemekezeka la asayansi ku America. Malipoti ake ankatchulidwa kwambiri, ndipo kunali koyenera.

Koma kuyambira mu 1987 iye anayamba kunena kuti kachilombo ka HIV sikayambitsa Edzi. Umboni wochokera m'zipatala za padziko lonse unkamutsutsa, iye osasintha. Mu 2000 mtsogoleri wa dziko la South Africa, Thabo Mbeki, anamuika m'gulu la alangizi ake pa za Edzi. Chaka chomwecho asayansi ndi madokotala oposa 5,000 anasaina chikalata cha ku Durban chotsimikiza kuti HIV ndi imene imayambitsa Edzi. Ngakhale zinali choncho, boma la dzikolo linachedwa kupereka ma ARV. Mu 2008 ofufuza a ku Harvard anawerengera kuti kuchedwaku kunatayitsa miyoyo yoposa 330,000 pakati pa 2000 ndi 2005, ndiponso makanda pafupifupi 35,000 anatenga kachilomboka pamene akanatetezedwa. Ambiri mwa ife tili ndi abale ku Joni, ndipo zaka zimenezo tikuzikumbukira.

Manambala a Duesberg anali oona, koma ankachitira umboni ntchito yake ya kale ya khansa. Sankachitira umboni zimene ankanena za Edzi. Mbiri ya munthu siitsimikizira mawu alionse otuluka pakamwa pake.

Manambala ochepa, ntchito yaikulu

Manambala amalakwitsanso mbali inayi. Katalin Karikó, mayi wa ku Hungary, anagwira ntchito zaka zambiri ku University of Pennsylvania akufufuza za mRNA, kauthenga kamene kamauza maselo a m'thupi zoti apange. Mabungwe opereka ndalama ankamukana, ndipo mu 1995 anatsitsidwa paudindo. Mu 2005 iye ndi Drew Weissman anasindikiza lipoti m'magazini ya Immunity losonyeza mmene angasinthire mRNA kuti thupi lisalimbane nayo. Kwa zaka zingapo ndi anthu ochepa amene analilabadira. Mliri wa Covid-19 utafika, njira yawoyo ndi imene inagwiritsidwa ntchito popanga katemera wa Pfizer ndi BioNTech komanso wa Moderna. Mu 2023 awiriwa analandira mphoto ya Nobel. Amene akanamuyeza mayiyu ndi manambala mu 2000 akanati palibe chimene akuchita.

Mu 2014 magazini ya Nature inatulutsa mndandanda wa malipoti 100 otchulidwa kwambiri m'mbiri ya sayansi. Loyamba linali la Oliver Lowry la mu 1951, lofotokoza njira yoyezera mapuloteni mu labotale, lotchulidwa koposa ka 300,000. Limatchulidwa chonchi chifukwa aliyense wogwiritsa ntchito njirayo amayenera kulitchula. Lipoti la James Watson ndi Francis Crick la mu 1953 lofotokoza kapangidwe ka DNA silinalowe n'komwe pamndandandawo.

Nkhani ina imene imakhudza ife mwachindunji ndi ya kusiyana kwa matenda. Ofufuza khansa ndi matenda a mtima padziko lapansi ndi ochuluka kwambiri, choncho amatchulana kwambiri. Ofufuza likodzo kapena matenda a kaodzera ndi ochepa. Wasayansi amene wathera moyo wake akufufuza likodzo m'mphepete mwa nyanja akhoza kukhala ndi manambala otsika, pamene ntchito yake ndi imene ikuteteza ana a kusukulu a m'dera lanu. Kuyerekeza manambala a anthu ofufuza matenda osiyana kuli ngati kuyerekeza matumba a mlimi wa chimanga ndi a mlimi wa tsabola.

Manambala amathanso kufufumitsidwa

Popeza ntchito ndi ndalama zimadalira manambalawa, ena amawasewera. Alipo amene amadzitchula okha mobwerezabwereza, kapena kupangana ndi anzawo kuti azitchulana. Ena amagawa kafukufuku mmodzi kukhala timalipoti tambirimbiri. M'malo ena dzina la bwana limalembedwa pa lipoti lililonse lotuluka m'dipatimenti yake, ngakhale iye sanagwire ntchitoyo. Mu 2018 John Ioannidis ndi anzake analemba mu Nature kuti pali anthu masauzande amene mayina awo anatuluka pa malipoti oposa 72 m'chaka chimodzi, kutanthauza lipoti limodzi masiku asanu alionse.

Palinso magazini achinyengo amene amasindikiza chilichonse bola wolemba walipira. Mu 2013 mtolankhani wa zasayansi John Bohannon analemba dala lipoti labodza la mankhwala a khansa, lodzaza ndi zolakwika zoonekeratu, n'kulitumiza ku magazini 304. Magazini 157 analivomereza. Choncho mawu oti "zinasindikizidwa m'magazini ya sayansi" paokha sakutsimikizirani kanthu.

Umboni wolimba umaoneka chonchi

Chitsanzo chabwino sitikuchifuna kutali. Mu 1989 Malcolm Molyneux, Terrie Taylor, Jack Wirima ndi mnzawo anasindikiza zimene anapeza pa ana 131 amene anakomoka ndi malungo aakulu ku Blantyre. M'lipotimo munali njira yoyezera kukomoka kwa mwana amene sanayambe kulankhula, poona mmene maso ake akutsatira zinthu, mmene akulilira ndi mmene thupi likuyankhira akamugwira mopweteka. Mwana amapatsidwa nambala kuyambira 0 mpaka 5. Njirayi imatchedwa Blantyre Coma Scale. Lipotili limatchulidwa kwambiri, koma ulemu wake weniweni ndi woti madokotala ndi anamwino m'mayiko a malungo anaiyesa njirayo, anaona kuti imathandiza, ndipo akuigwiritsabe ntchito pambali pa bedi la mwana.

Chimodzimodzi katemera wa taifodi. Kuyambira mu 2018, ana pafupifupi 28,000 a miyezi 9 mpaka zaka 12 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa analowa m'kafukufuku. Anawagawa mwamaere: theka anabayidwa katemera wa taifodi, theka katemera wa matenda ena oumitsa khosi, kuti pakhale poyerekezera. Zotsatira zinatuluka mu New England Journal of Medicine mu 2021, ndipo zinasonyeza kuti katemerayu amachepetsa taifodi ndi magawo pafupifupi 8 mwa 10. Kafukufuku wofanana ku Nepal ndi ku Bangladesh anapezanso zofanana. Mu May 2023 Unduna wa Zaumoyo unayamba kupereka katemerayu m'dziko lonse.

Yerekezani ndi nkhani ya ku London ija. Uku ana 12 osankhidwa, popanda gulu loyerekezera, ena atabwereza sanapeze zomwezo. Uku ana 28,000 ogawidwa mwamaere, mayiko atatu akupeza zofanana. Malipoti onse awiri anatuluka m'magazini otchuka ndipo onse amatchulidwa kwambiri. Chimene chikuwasiyanitsa ndi kachitidwe ka kafukufukuyo.

Mafunso asanu oyenera kufunsa

Safunsa anadya phula. Mukalandira uthenga wotchula katswiri, musanautumize kwa ena kapena kusintha chilichonse pa chithandizo cha mwana, funsani izi.

Choyamba, kodi munthuyu ananenadi zimenezi? Mauthenga ambiri amangomata dzina la wasayansi wotchuka pa mawu amene iye sanalankhulepo. Uthenga wosatchula tsiku, malo kapena dzina la magazini muziukayikira.

Chachiwiri, kodi malipoti ake ndi a nkhani yomweyi? Ngati muli ndi foni ya intaneti, lembani dzina lake pa PubMed, kaundula waulere wa malipoti a zaumoyo amene amasamalidwa ndi boma la America, ndipo muone mitu ya zimene analemba. Katswiri wa mafupa akamalankhula za katemera wa ana, manambala ake a mafupa sakumuthandiza.

Chachitatu, kodi zimene akunenazi anazilemba m'lipoti loti anzake aliunike, kapena akungozinena pa vidiyo? Ngati lipotilo lilipo, onani ngati silinachotsedwe. Lipoti lochotsedwa limakhala ndi mawu oti Retracted pamwamba pake, ndipo tsamba la Retraction Watch, limene linayamba mu 2010, limasunga mndandanda wa malipoti otere.

Chachinayi, kodi anayeza anthu angati, ndipo panali gulu loyerekezera? Zimene zachitika mu labotale kapena pa mbewa si zimene zachitika m'thupi la mwana. Nanga magulu ena atabwereza anapeza chiyani?

Chachisanu, kodi wapindula ndani? Munthu amene akukuopsezani ndi mankhwala a kuchipatala kwinaku akugulitsa ake a m'botolo wakupatsani kale yankho.

Si aliyense amene ali ndi intaneti kapena amene amawerenga Chingerezi cha madokotala, ndipo simukuyenera kuchita zonsezi nokha. Volontiya atengere uthengawo kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lake, namwino kapena dokotala wa pachipatala chapafupi, ndipo yankho likabwera alibweze ku gulu lomwe lija limene uthengawo unafalikira. Malangizo a Unduna wa Zaumoyo ndi a bungwe la WHO amapangidwa ndi makomiti amene amaunika kafukufuku wambiri pamodzi, ndipo amasinthidwa umboni watsopano ukapezeka, monga mmene dziko lino linasiyira chloroquine mu 1993 zitaoneka kuti sakuchizanso malungo bwino. Pamene mukudikira yankho, mwana asaphonye tsiku lake la katemera, ndipo wodwala asasiye mankhwala. Katemera wa chikuku ndi rubella amaperekedwa kawiri, mwana akakwanitsa miyezi 9 komanso akakwanitsa miyezi 15. Tsegulani buku la kusikelo la mwana wanu lero muone ngati malo onse awiri ndi olembedwa.